Mutu 8: Zimene zomera zimasunga m'thupi mwake

Munthu akamatsika kuchokera ku Lundazi kulowa m'boma la Chama, mitengo ndiyo imayamba kumuuza kuti wafika dziko lina. Misuku ya kumtunda imatsalira m'mbuyo. Kutsogolo kumabwera tsanya, bwemba, msau, mvunguti ndi milambe yoima payokhapayokha m'chigwa chotentha cha Luangwa. Kuno n'kwawo kwa Asenga, dziko la mafumu monga Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda, ndipo m'minda mwawo mumapezeka mpunga umene unatchukitsa dzina la Chama m'misika ya ku Lusaka, komanso thonje, fodya, mapira, chimanga ndi mtedza. Titayenda munda ndi munda kufunsa chimene mbewu iliyonse ili nacho, yankho loyamba lingakhale lodziwika kale: chakudya chopatsa mphamvu, chomanga thupi, mafuta, mavitamini ndi mchere wa m'nthaka. Koma pali gulu lina la zinthu limene silipatsa mphamvu kapena kumanga thupi, chikhalirecho ndi limene limabweretsa kuwawa kwa luni, kufiira kwa mapira, fungo la adyo ndi chizungulire cha fodya. Asayansi amatcha zinthu zimenezi phytochemicals, makemikolo a m'zomera, ndipo odziwika kale ndi oposa 100,000.

Chomera sichinapange makemikolowa poganizira ife. Mbawala ikamva mkango imathawa, koma mtengo mbozi zikautera ulibe kolowera. Umadziteteza ndi zimene umapanga m'masamba, m'khungwa, m'mizu ndi m'njere: zina zowawa kuti nyama ilavule, zina zopha tizilombo, zina zoletsa nkhungu, zina zotchinjiriza tsamba kuti dzuwa lisaliwauze. Zochepa ndi zokopa, monga utoto wa duwa woitana njuchi ndi kutsekemera kwa chipatso chakupsa. Amene wamvetsa mfundo imeneyi sadabwa kuti chinthu chimodzimodzi chikhoza kuchiza, kudyetsa kapena kupha, malinga ndi kuchuluka kwake ndi kakonzedwe kake. Sanganyengedwenso ndi wogulitsa amene umboni wake wonse ndi mawu akuti "n'zachilengedwe".

M'munda wa thonje ndi wa fodya

Mukathyola njere ya thonje n'kuyang'anitsitsa, muona timadontho takuda. M'menemo muli gossypol, amene thonje limadzitetezera naye ku tizilombo. M'zaka za m'ma 1950, madokotala a ku China anazindikira kuti m'midzi ina mmene anthu ankaphikira mafuta a njere za thonje osayenga, amuna ambiri sankabereka. Boma la dzikolo linaona mwayi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 amuna oposa 8,000 anapatsidwa gossypol ngati njira yolera. Mankhwalawo anagwiradi ntchito, koma ena mwa amunawo mchere wa potaziyamu unatsika m'magazi mpaka kufooka miyendo, ndipo ena sanathenso kubereka ngakhale atasiya kumwa. Mavuto amenewa ndiwo anadzathetsa nkhani yolera ndi gossypol. Mafuta a thonje a m'sitolo amayengedwa mpaka gossypol atachoka, koma m'zotsalira zofinya amakhalamobe. Ng'ombe yaikulu imapirira zotsalirazo ikadya pang'ono, pamene nkhumba ndi nkhuku zimadwala nazo, ndipo mlimi wofuna kusakaniza yekha chakudya cha ziweto ayenera kudziwa zimenezi.

Za fodya sitichedwapo. Nikotini ndi mankhwala ophera tizilombo amene fodya amadzipangira, ndipo alimi ena amaviika masamba ake n'kupopera ndiwo zamasamba pofuna kupha nsabwe. Nikotini yemweyo amalowa pakhungu la munthu amene akuthyola fodya wonyowa ndi mame, n'kumubweretsera mseru, mutu ndi chizungulire. Ana ndiwo amavutika msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono.

Nkhani imene imaonetsa bwino kuti poizoni ndi mankhwala ndi pachibale ndi ya kombe, chomera choyanga cha m'zigwa zotentha za Shire, Zambezi ndi Luangwa. Alenje ankasinja njere zake n'kupaka pamivi, ndipo nyama yolasidwa inkagwa mtima utaima. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi umene unayamba mu 1858, dokotala wa gululo John Kirk anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mano anamva kuwawa mkamwa, kenako anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Patapita zaka, Thomas Fraser wa ku yunivesite ya Edinburgh anapatula kemikolo yochititsa zimenezi, strophanthin, ndipo mu 1885 anauza madokotala anzake kuti ingathandize odwala mtima. Njere za kombe zinayamba kutumizidwa ku Ulaya kuchokera kudziko limene lero ndi Malawi, ndipo kampani ya Burroughs Wellcome inapeza nazo ndalama. Dzina la sayansi la chomerachi, Strophanthus kombe, linasunga mawu a eni nthaka, koma phindu silinabwerere kwa alenje amene anadziwa mphamvu yake poyamba. Chimene Fraser anawonjezera pa nzeru ya alenjewo chinali muyezo: madontho angati, kwa munthu wolemera bwanji, kangati patsiku.

Nzeru ya pamtondo ndi pamoto

Amayi a kumudzi akhala akulimbana ndi makemikolo a m'zomera kuyambira kalekale, ngakhale sawatchula mayina. Chinangwa chowawa chili ndi linamarin, amene muzu ukaphwanyika amatulutsa poizoni wa cyanide. Kusenda, kuviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kuyanika padzuwa n'kusinja, zonsezi zimachotsa poizoniyo, ndipo kusinja chigwada n'kuchiwiritsa nthawi yaitali poto ali wosavundikira kumachita chimodzimodzi. Tsoka limagwa pamene njala yafulumizitsa anthu. Mu 1981, chilala chitagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi chifukwa chodya chinangwa chosaviika mokwanira popanda ndiwo zomanga thupi. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo wolumala nawo sachira. Apezekanso m'dera la Mongu, kumadzulo kwa Zambia. Ku Chama chinangwa si chakudya cha tsiku ndi tsiku monga ku Luapula, koma chaka chimene chimanga chakokoloka ndi madzi kapena chadyedwa ndi njovu, anthu amatembenukira ku zimene sanazolowere kukonza, ndipo ngozi imakhala pamenepo.

Mapira ofiira owawa ali ndi tannin, ndipo mlimi amadziwa kuti mbalame zimayamba zatha mapira oyera zisanakhudze ofiirawo. Tannin yemweyo akafika m'mimba mwa munthu amagwira ayironi wa m'chakudya kuti asalowe m'magazi. Tiyi ali ndi makemikolo a mtundu womwewo. Kafukufuku wa ku South Africa wa mu 1975 anaonetsa kuti kumwa tiyi pamodzi ndi chakudya kumachepetsa kwambiri ayironi amene thupi limatenga, ndipo akafukufuku ena pambuyo pake anapeza kuti kuchepako kumatha kupitirira theka. Kwa mwamuna wamagazi okwanira nkhaniyi ndi yaing'ono. Kwa mayi woyembekezera wa m'chigwa chimene malungo amadya magazi a anthu chaka chonse, kusiya ola limodzi kapena awiri pakati pa nsima ndi tiyi n'kwaphindu kuposa zambiri zimene angagule m'botolo.

M'chimanga, m'mapira ndi m'nyemba mulinso phytate, nkhokwe imene njere imasungiramo fosiforasi yodzamerera. Nayenso amamanga ayironi ndi zinki. Koma njere ikayamba kumera imatulutsa yokha chomasula phytate, ndiye chifukwa chake chimera n'chinthu chamtengo wapatali. Thobwa ndi phala lothira chimera zimapatsa mwana zambiri kuposa phala wamba: chimera chimasungunula phala lolimba kuti mwana amwe lambiri popanda kulisukulutsa ndi madzi, ndipo kusasa kumathandiza kuphwanya phytate. Mizu ya munkoyo, imene anthu ambiri a m'Zambia amathira m'phala popanga chakumwa chawo, imasungunula phala mwa njira yomweyo. Akatswiri awiri a zakudya, Rosalind Gibson ndi Christine Hotz, atayesa m'midzi ya ku Malawi anapeza kuti kuviika chimanga chokonola n'kutaya madzi ake kumachotsa pafupifupi theka la phytate. Palinso mtengo wake, poti pamodzi ndi gaga ndi madzi otayidwawo pamapitanso mavitamini, n'chifukwa chake mkangano wa mgaiwa ndi ufa woyera sutha ndi yankho limodzi. Choseketsa n'chakuti phytate yemwe amayi athu amavutika kumutaya, ku America amamuika m'makapisozi pa dzina lakuti IP6 n'kumagulitsa kwa anthu okhuta, amene vuto lawo si kusowa zinki.

Mdani wa tannin ndi phytate ali pafupi pomwepo. Vitamini C amamasula ayironi wa m'zomera kuti alowe m'thupi, ndipo ufa wa malambe uli naye wochuluka kangapo kuposa lalanje pa kulemera kofanana. Masau ndi magwafa ali nayenso. Kungoti vitamini ameneyu salimba pamoto, choncho malambe othira phala litaphulidwa amaposa owiritsira limodzi. Salimbanso akakumana ndi chidulo kapena soda. Palibe amene angauze Msenga kapena Mchewa kuti asiye therere, ndipo sindikuganiza kuti m'pofunika kutero, koma nkhwani, bonongwe ndi chisoso sizisowa soda, ndipo kuziphika kanthawi kochepa n'kutendera nsinjiro kumathandiza kawiri: mavitamini amatsala, ndipo mafuta a mtedza amanyamula utoto wa m'masamba umene thupi limasandutsa vitamini A.

Ana a ku Nyimba ndi osuta a ku Finland

Utoto umenewu, wa gulu la carotenoids, ndi umene umapatsa mango, maungu, mapapaya ndi mbatata yofiira mkati maonekedwe ake. Wodziwika kwambiri ndi beta-carotene. M'masamba obiriwira alimonso, wangobisika ndi kubiriwirako. Popeza kusowa vitamini A kumachititsa khungu ndi kufooketsa chitetezo cha ana, Zambia inayamba kuthira vitaminiyu mu shuga mu 1998, ndipo ana osakwana zaka zisanu amalandira kapisozi kawiri pachaka pa sabata ya thanzi la ana. Mu 2012 kunatulutsidwa mitundu ya chimanga cha olenji, chobzalidwa mwa kusankha mbewu ndi thandizo la bungwe la HarvestPlus. Sichinalandiridwe msanga, chifukwa anthu ankachisokoneza ndi chimanga chachikasu cha thandizo cha m'chilala cha 1992, chimene ambiri amachikumbukira ndi njala.

Kafukufuku wofuna kudziwa ngati chimangachi chimathandizadi anachitikira m'chigwa chomwechi cha Luangwa, kumunsi kwake, m'boma la Nyimba. Gulu lotsogozedwa ndi Sherry Tanumihardjo wa ku yunivesite ya Wisconsin linagawa ana m'magulu: ena ankadya chimanga cha olenji, ena choyera, ena choyera pamodzi ndi vitamini A wa m'botolo. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti chimanga cha olenji chinawonjezera vitamini A m'chiwindi mofanana ndi wa m'botolo. Koma panatulukanso chimene ofufuzawo sankayembekezera. Ana oposa theka anali kale ndi vitamini A wopitirira muyezo m'chiwindi. Shuga, makapisozi ndi chakudya zinali zitaunjikana. M'nyengo ya mango ana ena m'deralo ankafika posanduka achikasu m'manja ndi kumapazi.

Chikasu chimenecho sichoopsa, chimatha mango akatha. Thupi likakhala ndi vitamini A wokwanira limachepetsa lokha kusandutsa beta-carotene wa m'chakudya. Vitamini A wa m'kapisozi ndiye alibe chomuletsa, amalowa pafupifupi yense n'kukakhala m'chiwindi, ndipo akachuluka amawononga chiwindicho, mafupa ndi mwana wosabadwa. Izi sizikutanthauza kuti makolo asiye kutengera ana ku sikelo, pakuti makapisozi aja ali ndi muyezo wake ndipo apulumutsa ana ambiri kumene vitaminiyu akusowa. Koma kholo limene likuwonjezerapo madzi a mavitamini ogula pasitolo, poganiza kuti chabwino sichichuluka, likulakwitsa.

Dziko lonse lapansi linaphunzira phunziroli mowawa m'zaka za m'ma 1990. Ofufuza anali ataona kuti anthu odya zipatso ndi masamba ambiri sadwala khansa ya m'mapapo kawirikawiri, ndipo m'magazi mwawo mumakhala beta-carotene wambiri. Anaganiza kuti apeza chinsinsi chake. Ku Finland anatenga amuna osuta fodya 29,133, ena n'kumawapatsa mamiligalamu 20 a beta-carotene tsiku lililonse kwa zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu. Mu 1994 zotsatira zinadabwitsa aliyense: mwa amene ankamwa mapiritsiwo, khansa ya m'mapapo inakwera ndi 18 pa 100 alionse poyerekeza ndi anzawo. Kafukufuku wofanana naye ku America, wa anthu oposa 18,000, anaimitsidwa mu Januwale 1996 nthawi yake isanakwane, khansa itakwera ndi 28 pa 100 alionse. Karoti ndi dzungu sizinapezekepo ndi mlandu umenewu. Chimene chinasintha n'chakuti kemikolo imodzi inazulidwa pakati pa anzake mazanamazana, n'kuperekedwa mochuluka kangapo kuposa mmene munthu angaipezere m'mbale, kwa anthu amene mapapo awo anali ovulala kale ndi utsi.

Mawu akuti antioxidant, amene lero ali pa botolo lililonse, ayenera kumvedwa ndi nkhani imeneyi m'mutu. N'zoona kuti makemikolo ambiri a m'zomera, akaikidwa m'kabotolo ka mu labu, amaletsa zinthu kuwonongeka ndi mpweya wa okosijeni. Koma m'thupi ambiri a iwo amalowa m'magazi pang'ono chabe, chiwindi n'kuwasintha ndi kuwataya msanga. Unduna wa zaulimi wa ku America unali ndi mndandanda woyerekeza mphamvu imeneyi m'zakudya zosiyanasiyana, koma mu 2012 unauchotsa, ponena kuti manambalawo sasonyeza zimene zimachitika m'thupi la munthu ndiponso kuti amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika. Umboni umene sunagwedezeke ndi wa chakudya chenichenicho: anthu odya masamba, zipatso, nyemba ndi mbewu zosapuntha kwambiri amadwala mochepa matenda a mtima ndi sitiroko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba patsiku.

Ulendo wopita m'botolo

Mpunga uli ndi mbiri yake pankhaniyi. M'zaka za m'ma 1890 pachilumba cha Java, dokotala Christiaan Eijkman anaona kuti nkhuku zodya mpunga woyera wopuntha zinkalemala miyendo, n'kuchira zikapatsidwa madeya ake. Kufufuza chimene chinali m'madeyamo kunabala sayansi yonse ya mavitamini, ndipo Eijkman analandira mphotho ya Nobel mu 1929. Lero ku Japan ndi ku India amafinya mafuta m'madeya a mpunga, n'kupatulamo gamma-oryzanol wogulitsa m'makapisozi. Mpunga wa ku Chama umagulidwa ndi amalonda ambiri, kuphatikizapo COMACO, kampani imene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 kuti alimi a m'chigwa cha Luangwa apeze msika n'kusiya kusaka nyama mozemba, ndipo imagulitsa katundu wake pa dzina la It's Wild! Koma ogula ambiri amafuna mpunga woyera mbee, ndipo gawo lolemera kwambiri ndi mavitamini limatsalira kuchigayo, chakudya cha nkhumba.

Mlambe unatsegulidwira khomo la ku Ulaya mu 2008, pamene mayiko a European Union anavomereza ufa wa malambe ngati chakudya, atapemphedwa ndi bungwe la amalonda a zinthu zakutchire la PhytoTrade Africa. Chaka chotsatira America inavomerezanso. Kuyambira pamenepo malambe amene ana a m'chigwa amamung'unya posewera akhala akugulitsidwa ku London m'timapaketi tokongola. Ufawo ndi wabwino ndithu: uli ndi vitamini C, kashiamu, potaziyamu ndi ulusi wothandiza m'matumbo. Kafukufuku wamng'ono wa ku Oxford anaonetsa kuti ukhoza kuchedwetsa kukwera kwa shuga m'magazi munthu akadya buledi. Koma atauyesa pa ana asukulu ku Nairobi kuti aone ngati ungawonjezere magazi, kusiyana kwa omwa malambe ndi osamwa kunali kochepa kwambiri moti sikukanatha kutsimikizira kanthu. Malambe ndi chakudya chabwino chimene sichinatsimikizidwe kuti chimachiza matenda alionse, ndipo zimenezo sizichotsa ulemu wake.

Chammwamba nachonso chakwezedwa kuposa msinkhu wake. Mtengowu unachokera kumpoto kwa India ndipo umakonda malo otentha ngati Chama. Masamba ake ouma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi chakudya chomanga thupi, ndipo ali ndi beta-carotene, kashiamu ndi makemikolo oyabwa pakhosi a mtundu wa isothiocyanates, abale ake a amene ali mu mpiru ndi kabichi. Monga ndiwo, chammwamba n'chovuta kuchiposa, makamaka m'chilimwe masamba ena atauma. Koma kapisozi imodzi imatenga ufa wosakwana galamu imodzi, ndiye kuti womwa makapisozi awiri patsiku walipira ndalama zambiri pa ufa wosadzaza sipuni yaing'ono. Zonena kuti chimachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khansa zambiri zachokera pa makoswe a mu labu ndi pa magulu aang'ono a anthu. Mizu ndi khungwa lake zili ndi makemikolo ena amphamvu, ndipo mayi woyembekezera asaziyandikire. Mwina ntchito yake yotsimikizika koposa ndi imene satsatsa: njere zake zosinja zimakokera pansi matope a m'madzi, ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Leicester anaziyesa pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990. Madzi a mumtsinje amayera nazo, ngakhale amafunikabe kuwiritsa kapena kuthira klorini.

Nanga ndani amayang'anira zimene zili m'mabotolowa? Mankhwala a kuchipatala asanagulitsidwe amayenera kuonetsa umboni woti amagwira ntchito ndiponso kuti kuopsa kwake n'kodziwika. Zowonjezera pa chakudya m'mayiko ambiri sizidutsa pachipata chimenechi. Ku America lamulo la mu 1994 limalola kampani kuzigulitsa popanda kutsimikizira kaye kuti zimathandiza, bola isalembe poyera kuti zimachiza matenda akutiakuti. N'chifukwa chake pamabotolo pamalembedwa mawu oterera monga "zimathandiza chitetezo cha thupi" kapena "zimatsuka magazi". Kuchokera mu 2007 mpaka 2016, bungwe loona za mankhwala la dzikolo linapeza mitundu 776 ya zinthu zoterezi itasakanizidwa mobisa ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo pafupifupi theka zinali za mphamvu za abambo, zambiri zothiridwa sildenafil, kemikolo ya mu Viagra. Bambo wodwala mtima amene akumwa mankhwala ena a mtima akhoza kukomoka nazo, akuganiza kuti wamwa mizu chabe. Ku Zambia udindo woyang'anira mankhwala, kuphatikizapo a zitsamba ogulitsidwa m'mapaketi, uli m'manja mwa ZAMRA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Koma ufa wa m'kapepala kopanda dzina, wogulitsidwa m'basi kapena pa WhatsApp, woyendera aliyense saudziwa, ndipo Chama ili kutali ndi maofesi.

Pamene zitsamba zakumana ndi mapiritsi

Chiwindi chili ndi njira zake zophwanyira zinthu zachilendo, ndipo makemikolo ena a m'zomera amafulumizitsa njirazo pamene ena amazitseka. Zikafulumira, mankhwala a kuchipatala amatha m'magazi asanagwire ntchito. Zikatsekeka, amaunjikana. Mu 2000 ofufuza a ku America anapeza kuti chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort, chimene anthu amamwa akakhala ndi nkhawa, chinachepetsa ndi 57 pa 100 mankhwala a HIV otchedwa indinavir m'magazi. Gulu lomwelo linapezanso kuti makapisozi a adyo anachepetsa pafupifupi theka la saquinavir. Adyo wa m'ndiwo si amene akunenedwa pano, koma wa m'makapisozi womwa tsiku ndi tsiku. Mankhwala awiriwa sagwiritsidwanso ntchito kwambiri, koma St John's wort ndi woletsedwabe kwa omwa ma ARV a masiku ano, ndipo dolutegravir wa mu piritsi la TLD amagwidwa ndi mapiritsi a kashiamu ndi ayironi akamwedwa nthawi imodzi popanda chakudya.

Achikulire akukumbukira nthawi imene African potato ankagulitsidwa paliponse m'Zambia kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ma ARV asanafike m'zipatala za boma. Anthu sankachitira mwina, ndipo palibe angawaseke. Chomvetsa chisoni chinachitika ku South Africa, kumene nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkakweza adyo, mandimu ndi beetroot pamene ma ARV anali atapezeka kale, mpaka kukaziyala pa msonkhano wa dziko lonse wa Edzi ku Toronto mu 2006. Sikuti chitsamba chilichonse chimalimbana ndi ma ARV. Ofufuza a ku yunivesite ya Zimbabwe atayesa ufa wa chammwamba pa kagulu ka odwala omwa nevirapine sanapeze kusintha kodetsa nkhawa. Koma zimenezi zinadziwika chifukwa wina anayesa magazi, ndipo zitsamba zambiri za m'chigwa cha Luangwa sizinayesedwepo motero. Wodwala amene akumwa za asing'anga pamodzi ndi za kuchipatala, ndipo ndi ambiri amene amatero, amadzithandiza akauza adokotala kapena anamwino zonse zimene akumwa. Nawonso a kuchipatala akamakalipira aliyense wotchula mizu, amangophunzitsa anthu kubisa.

Malungo ndiwo matenda amene aliyense ku Chama amawadziwa, ndipo mankhwala ake akuluakulu onse awiri anachokera ku zomera. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Artemisinin anapatulidwa mu 1972 ku chitsamba cha Artemisia annua ndi gulu la Tu Youyou ku China, ndipo mayiyu analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Zambia inali m'gulu la mayiko oyamba mu Africa kusankha Coartem ngati mankhwala oyamba a malungo m'dziko lonse, pa chiganizo cha mu 2002, chloroquine atasiya kugwira ntchito. Ena amafunsa kuti, ngati mankhwalawo anachokera m'tsamba, bwanji osangobzala chitsambacho kuseri kwa nyumba n'kumamwa ngati tiyi? Funsoli linakula mu 2020 pamene Madagascar inatulutsa chakumwa cha Covid-Organics chopangidwa ndi chitsamba chomwechi.

Yankho lili m'mawerengero. Kuchuluka kwa artemisinin m'masamba kumasiyana kwambiri malinga ndi mbewu, nthaka, nthawi yothyola ndi kasungidwe, ndipo sasungunuka bwino m'madzi. Amathanso m'magazi m'maola ochepa. Tiyi akhoza kupha tizilombo tokwanira kuti thupi lizizire, munthu n'kudzuka kupita kumunda, koma totsalato timabwereranso patapita masabata, ndipo totsala n'timene tinapirira. Piritsi limodzi la Coartem lili ndi mamiligalamu 20 a artemether, wopha msanga, ndi 120 a lumefantrine, wokhalitsa m'magazi kuti amalize zotsala. Munthu wamkulu amamwa anayi kawiri patsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24, makamaka atadya chakudya chamafuta pang'ono monga chiponde kapena mkaka kuti lumefantrine alowe bwino. WHO inanena mu 2019 kuti sivomereza tiyi kapena ufa wa Artemisia pochiza kapena popewa malungo, ndipo tizilombo topirira artemisinin tapezeka kale ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania, dziko limene lili m'malire ndi Zambia kumpoto. Nimu, amene ambiri amawiritsa thupi likatentha, sanatsimikizidwe kuti amachiza malungo mwa anthu, ndipo mafuta a njere zake anakomolapo makanda ku India ndi ku Malaysia. Mwana wotentha thupi m'mudzi wa kwa Chifunda kapena kwa Tembwe ayenera kuyezedwa magazi tsiku lomwelo, pakiliniki kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi, chifukwa malungo a mwana wamng'ono amatha kufika ku ubongo pasanathe masiku awiri.